Tizilombo ta m'magazi tikalowa m'diso: yankho kwa mayi wa ku Area 25

Mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe walemba motere: "Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 61 ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa nthawi yaitali. Mwezi watha anayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, koma atawayeza malungo sanawapeze. Kenako diso lakumanja linafiira. Tinkaganiza kuti ndi matenda a maso aja anavuta mu 2024, ndiye tinagula mankhwala odontheza ku famase. Tsiku lachinayi anati sakuonanso ndi disolo. Pano agonekedwa. Madokotala akuti tizilombo tachokera m'magazi, awabaya jakisoni m'diso mwenimwenimo, akuwajambula chiwindi ndi mtima, ndipo atchulapo zochotsa diso. Matenda a m'magazi angalowe bwanji m'diso? Nanga diso linalo lipulumuka? Achibale ena akuti tiwatulutse tipite nawo kwina."

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Ndiyambira pa mawu anu omalizawo chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa: chonde musawatulutse bambo m'chipatala. Zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi matenda amene madokotala amawatchula kuti endogenous endophthalmitis, pamene tizilombo tochokera pena pake m'thupi tayenda ndi magazi n'kukaswana m'kati mwa diso. Diso ndi limene mukuliona, koma matendawo ali m'thupi lonse. Munthu wotere akachoka pa mankhwala a m'diripi, chimene chimakhala pa chiswe si diso lokha ayi, ndi moyo umene. Amene akuwaona bambo tsiku ndi tsiku ndiwo adziwe bwino za iwo kuposa ine, koma zonse zimene mwatchula kuti akuchita ndi zimene zimayenera kuchitika.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyeni tilione diso mmene linapangidwira. Ndi kampira kotsekeka mbali zonse. Kutsogolo kuli kagalasi koonekera kamene kuwala kumalowera, kumbuyo kwake kuli mwana wa diso ndi kagalasi kena kamene kamachita ng'ala munthu akakalamba. Malo onse otsala, pafupifupi magawo 4 mwa magawo 5 a diso, ndi odzaza ndi madzi oyera onanda ngati a dzira losaphika, okwana mamililita 4 basi. Khoma la kumbuyo linayalidwa kachikopa kopyapyala kwambiri kotchedwa retina, ndipo ndi kameneka kamene kamaona n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kuseri kwa retina kuli timitsempha ta magazi tambirimbiri tolukanalukana. Poyerekeza ndi kuchepa kwa malowo, magazi amene amadutsa pamenepo ndi ochuluka kuposa pafupifupi pena paliponse m'thupi. Choncho magazi akakhala ndi tizilombo, mwayi woti tina tikodwe m'timitsempha timeneti ndi waukulu ndithu.

Thupi linaika chotchinga pakati pa magazi ndi m'kati mwa diso, ndipo nthawi zambiri chimagwira ntchito. N'chifukwa chake anthu ambiri odwala matenda a m'magazi maso awo sakhudzidwa. Koma tizilombo tikachuluka, kapena tikakhala taukali, kapena chitetezo cha munthu chikafooka monga zimakhalira ndi shuga wokwera, timaboola chotchingacho n'kulowa m'madzi onanda aja. Mmenemo mulibe mitsempha ya magazi, ndiye asilikali a m'thupi amafika mochedwa. Tizilombo timapeza chakudya ndi kutentha koyenera, timaswana popanda wotiletsa. Asilikali akamafika, nkhondo yawo imadzaza diso ndi mafinya, ndipo poizoni wa tizilombo pamodzi ndi kutupako zimawononga retina. Retina ikafa siphukanso. Ndi mabakiteriya aukali, zimenezi zingachitike m'masiku awiri kapena atatu okha.

Matenda a mafinya m'kati mwa diso nthawi zambiri amabwera kuchokera kunja, munthu akabayidwa ndi waya, chitsotso kapena kachitsulo kothetheka, kapena pambuyo pa opaleshoni ya diso. Ochokera m'magazi ndi ochepa, mwina 2 mpaka 8 pa 100 alionse. Kusowa kwawoko ndi kumene kumachititsa kuti asazindikiridwe msanga, ngakhale ndi anthu ophunzira za chipatala.

Tsopano za chiwindi ndi mtima, zimene zakudabwitsani. Tizilombo sitibadwira m'magazi. Pali pamene takhala, n'kumatayikira m'magazi pang'onopang'ono, ndipo malo amenewo akapanda kupezeka, mankhwala a m'diso amangokhala othandiza kwa kanthawi. Mwa munthu wa shuga amene watentha thupi ndi kunjenjemera popanda malungo, malo oyamba kuwaganizira ndi chiwindi. Pali bakiteriya wotchedwa Klebsiella pneumoniae amene amapanga chithupsa m'kati mwa chiwindi, ndipo amadziwika kuti amakonda kuthamangira ku diso. Madokotala a ku Taiwan ndiwo anayamba kulemba za mgwirizano umenewu m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero ukupezeka m'mayiko ambiri. Chithupsachi sichioneka kunja, nthawi zina ngakhale m'mimba simupweteka n'komwe, koma sikani imachionetsa. Mtima nawo amauona chifukwa tizilombo monga Staphylococcus aureus ndi ta mtundu wa Streptococcus timatha kumera pa timavavu ta mtima, n'kumathothoka tizidutswa topita ku diso, ku ubongo kapena ku impso. Kwathu kuno anthu ambiri timavavu tawo tinawonongeka kale ndi matenda a mtima oyamba ndi zilonda za pakhosi ali ana, ndipo pamalo owonongeka m'pamene tizilombo timakakamira mosavuta. Adzayezanso mkodzo, adzajambula pachifuwa, ndipo ndikhulupirira awavula nsapato n'kuona mapazi, chifukwa chilonda cha pansi pa phazi chimene munthu wa shuga sachimva kupweteka chikhoza kukhala gwero la zonsezi.

Ena matendawa amawapeza m'njira zina: mayi amene watenga tizilombo m'chiberekero atabereka kapena atapita padera, khanda lodwala matenda a m'magazi, munthu wa matenda oumitsa khosi, amene akusefedwa magazi chifukwa cha impso, amene akulandira mankhwala a khansa, amene wakhalitsa ndi kapaipi ka mkodzo kapena kanula pamkono. Palinso mafangasi, makamaka otchedwa Candida, amene amalowa m'magazi mwa anthu amene akhala nthawi yaitali pa diripi, achitidwa opaleshoni ya m'matumbo kapena alandira maantibayotiki amphamvu kwa milungu. Amenewa ndi oyenda mwakachetechete. Diso silifiira kwambiri, ululu ndi wochepa, munthu amangoona timadontho toyandama ndi chifunga, mwina patatha milungu atatuluka kale m'chipatala.

Pa za mankhwala a ku famase aja, musadzimve olakwa. Matenda a maso ofiira amene anayambira ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ena anatizoloweretsa tonse kuti diso lofiira limapola lokha, ndipo kwa ambiri zinalidi choncho. Koma kusiyana kwake kulipo, ndipo ndikufuna aliyense wowerenga akugwire bwino. Matenda aja amayabwa, m'maso mumakhala ngati mwalowa mchenga, misozi ndi manthongo zimatuluka, kawirikawiri amagwira maso onse awiri ndipo amayenda m'nyumba yonse. Koma ukapukuta manthongowo umaona bwinobwino. Diso la mafinya m'kati silitero. Kuona kumachepa ndipo kupukuta sikuthandiza, ululu umachokera m'kati n'kukwera m'mutu, kuwala kumalasa, zikope zimatupa, ndipo nthawi zina pansi pa gawo lakuda la diso pamaoneka kamzere koyera kapena kachikasu, komwe ndi mafinya atadikha. Pali njira yachidule yoyesera kunyumba: wodwala aphimbe diso labwino ndi chikhatho, inu muime patali pang'ono mumuonetse zala, awerenge. Anthu ambiri sadziwa kuti diso limodzi lasiya kuona chifukwa linalo likuwagwirira ntchito. Diso lofiira limene kuona kwake kwachepa, mwa munthu wotentha thupi, wa shuga, wa kachilombo ka HIV kapena amene wangotuluka m'chipatala, ndi loti lionedwe ndi a maso tsiku lomwelo, kaya ndi Loweruka kaya ndi usiku.

Mankhwala odontheza amanyowetsa kutsogolo kwa diso, ndipo ochepa kwambiri ndi amene amafika kumbuyo kumene kuli tizilombo. Choipa kwambiri n'chakuti ambiri mwa amene amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala amakhala osakaniza ndi dexamethasone kapena mankhwala ena a gulu la steroid. Amenewa amachotsa kufiira ndi ululu kwa tsiku limodzi kapena awiri, munthu n'kumati ndayamba kupeza bwino, pamene m'kati tizilombo tikuswana mopanda chotiletsa. Ndimaona kuti kugulitsa mankhwala otere kwa munthu amene diso lake silinaunikidwe n'kulakwa kwakukulu. Kabotolo kamene munagula kaja, ngati mudakali nako, kaonetseni kwa adokotala, pamodzi ndi mapaketi a mapiritsi alionse amene bambo anamwa asanagonekedwe.

Jakisoni wa m'diso amaopsa kumumva, ndipo sindinaonepo wodwala amene sanachite mantha atauzidwa. Koma chotchinga chija, chimene chimaletsa tizilombo, chimaletsanso mankhwala ambiri a m'diripi kulowa m'diso pa mlingo wokwanira kupha tizilombo tomwe tadzaza kale mmenemo. Njira yotsimikizika ndiyo kuwaika pomwepo. Diso amayamba alichititsa dzanzi, amalitsuka ndi mankhwala ophera tizilombo, kenako kasingano kakang'ono kwambiri kamalowera pa gawo loyera, mamilimita 3.5 mpaka 4 kuchokera m'mphepete mwa gawo lakuda. Pamenepo ndi pamene singano ingadutse osakhudza retina kapena kagalasi ka m'kati. Poyamba amakoka timadzi pang'ono topita ku labotale, kenako amalowetsa mankhwala. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi awiri: vancomycin, miligalamu 1, ndi ceftazidime, mamiligalamu 2.25, aliyense m'kadontho ka mamililita 0.1. Amapereka onse awiri chifukwa pa nthawiyo sakudziwa mtundu wa bakiteriya, ndipo kudikira zotsatira za ku labotale, zimene zimatenga masiku awiri kapena kuposerapo, n'kutaya diso. Akakayikira mafangasi amabaya amphotericin B kapena voriconazole. Pakatha maola 48 mpaka 72 amalionanso, ndipo ngati silikusintha amatha kubwereza. Akakuuzani kuti abayanso, sikuti woyamba uja analakwika. Mankhwalawo amatha mphamvu m'diso pakapita masiku ochepa.

Zoopsa zake zilipo ndipo sindikubisirani: kutuluka magazi m'kati, kukhudza kagalasi n'kuyambitsa ng'ala, retina kumatuka, kapena diso kulimba kwa kanthawi. Koma n'zosowa, ndipo sizingafanane ndi zimene zimachitika mafinya akasiyidwa. Mudzaonanso anamwino akudontheza mankhwala pafupipafupi. Ena mwa iwo, monga atropine, amakulitsa mwana wa diso kuti ululu uchepe komanso kuti asamatirire ku kagalasi. Mwina mudzaona ndi a steroid omwe ndawadzudzula aja. Musadabwe: akaperekedwa pamene tizilombo tayamba kale kuphedwa, ndiponso dokotala akuliona diso tsiku lililonse, amathandiza kuchepetsa kutupa.

Chithandizo chachikulu, komabe, ndi cha thupi lonse, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amatopa. Maantibayotiki a m'diripi amatenga milungu, osati masiku. Chithupsa cha m'chiwindi chikakhala chachikulu amachipopa ndi singano moongoleredwa ndi sikani, ndipo mankhwala amapitirira milungu 4 mpaka 6. Tizilombo ta pa mtima nato timafuna milungu 4 mpaka 6 ya m'diripi. Candida amafuna fluconazole kapena voriconazole kwa milungu yosachepera 4 mpaka 6, kufikira kumbuyo kwa diso kutayera. Kanula kapena kapaipi kamene kakukayikiridwa amakachotsa. Shuga amamutsitsa ndi insulini, ngakhale kwa munthu amene kunyumba amamwa mapiritsi, chifukwa shuga akakwera asilikali a m'thupi amagwira ntchito mwaulesi. Inu amene mukuwaphikira muli ndi gawo lanu pamenepa. Alendo amabwera ndi zakumwa zotsekemera ndi mabanzi chifukwa cha chikondi, koma muziwalandira n'kuika pambali.

Pali nkhani ina imene imandisowetsa mtendere. Mankhwala amene timadalira kwambiri m'zipatala zathu, ceftriaxone, mabakiteriya ambiri anayamba kusawamva. Kafukufuku amene anatsatira zotsatira za magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016 anapeza kuti pofika kumapetoko, pafupifupi 9 mwa Klebsiella 10 alionse anali osamva mankhwala a gulu limeneli. Ambiri mwa osamvawo ndi otengedwa m'chipatala momwemo, ndipo wa chithupsa cha m'chiwindi wochokera kunyumba kawirikawiri amamvabe, koma sitingangoganizira. N'chifukwa chake amatenga magazi ndi timadzi ta m'diso kukameretsa tizilombo ku labotale, kuti aone mankhwala amene angatiphe. Akasintha mankhwala pakati pa ulendo, mwachitsanzo kupita ku meropenem, chifukwa chake chimakhala chimenechi. Dziwaninso kuti magazi amaonetsa tizilombo mwa odwala opitirira theka pang'ono chabe, makamaka ngati munthu anamwako kale maantibayotiki. Zotsatira zikabwera zopanda kanthu sizitanthauza kuti madokotala ananama.

Mafinya akachuluka kwambiri pali opaleshoni yotchedwa vitrectomy, imene amalowetsa timapaipi tating'ono n'kuyamwa madzi onanda aja pamodzi ndi mafinya ndi tizilombo, n'kuikamo madzi oyera kapena mafuta apadera ogwira retina. Imafuna makina ake ndi dokotala wophunzira za retina, ndipo onsewa ndi ochepa m'dziko muno. Funsani mosaopa ngati ingathandize pa diso la bambo, ndiponso ngati ingapezeke m'nthawi yake. Imathandiza pamene retina idakali ndi moyo. Ikafa, opaleshoniyo sibweza kuona, ngakhale mutagulitsa munda kuti mupite nawo kunja.

Tifike pa nkhani yochotsa diso. Ndikuuzani zoona, chifukwa mukufunika kukonzeka: matendawa amatha maso ambiri ngakhale m'mayiko okhala ndi zipangizo zonse. Pa odwala amene nkhani zawo zinalembedwa m'mabuku a zachipatala, pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse anachotsedwa diso, ndipo ambiri mwa otsalawo anatsala ndi kuona kochepa. A Klebsiella ndiwo zimawathera moipa kwambiri. Alipo amene amaonanso bwino, makamaka amene analandira chithandizo tsiku loyamba kapena lachiwiri, komanso ambiri a Candida. Dokotala wa maso safuna kuchotsa diso, ntchito yake yonse ndi yolipulumutsa. Amafika pamenepo diso likasiya kuzindikira ngakhale kuwala kwa tochi, likamapweteka mosalekeza, likaboola, kapena mafinya akayamba kudutsa khoma la diso kulowera m'minofu yolizungulira, kumene kuli njira yopita ku ubongo. Diso lotero silidzaonanso, ndipo lasanduka thumba la mafinya lodyetsera magazi tizilombo.

Nthawi zambiri sachotsa lonse. Amachotsa za m'kati n'kusiya chikopa choyera chija ndi minofu yoyendetsa diso. Pakapola, patatha milungu 6 mpaka 8, munthu amatha kuikidwa diso lochita kupanga looneka ngati linzake. Silimaona, koma nkhope imabwerera mwakale, ndipo ululu umatha. Odwala ambiri amagona tulo koyamba usiku wotsatira opaleshoniyo. Diso lathunthu la munthu wina silingaikidwe mwa mnzake kuti aziona nalo, kulikonse pa dziko lapansi, choncho musamvere wokulonjezani zimenezo. Musanavomere, funsani mafunso awa pamaso pa bambo eniake: kodi disoli likuzindikirabe kuwala? Kodi sikani ya diso ikuonetsa chiyani za retina? Tikadikira masiku awiri, choopsa n'chiyani? Ndipo chilolezo ndi chawo. Ana ndi achibale angalangize, koma mwini diso amve zonse ndi makutu ake, m'chilankhulo chake, n'kusankha yekha ngati ali bwino m'maganizo.

Diso lakumanzere ndilo chuma chimene tikuchiteteza tsopano. Tizilombo sitidumpha kuchoka m'diso lina kupita m'linzake kudzera pamphuno kapena m'misozi. Tikafika, tidzera njira yomwe ija ya magazi, ndipo mwa odwala ena zimachitikadi, nthawi zina patapita masiku. Chimene chimaliteteza ndi diripi imene achibale akufuna kuti muichotse. Pemphani kuti diso labwinolo nalo alidontheze mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kuliunika kumbuyo, osati kamodzi kokha. Inu monga gadiyani, m'mawa ndi madzulo aliwonse muziwafunsa bambo ngati akuona timadontho takuda touluka, chifunga kapena kuthwanima, ndipo muziwawerengetsa zala. Akanena kuti pasintha kanthu, uzani anamwino nthawi yomweyo, osadikira kuti adokotala adzazungulire mawa. Inuyo simungatengere matendawa powasamalira, powapukuta kumaso kapena kudyera nawo mbale imodzi. Kusamba m'manja ndi sopo n'kokwanira, pokhapokha madokotala atapeza matenda ena opatsirana monga chifuwa chachikulu, ndipo akatero adzakuuzani.

Mwina awapempha kuyezetsa HIV ndi chindoko. Akuluakulu ena zimawanyansa, amaona ngati akunyozedwa. Si choncho. Matenda enanso amafika m'diso kudzera m'magazi ndipo amafanana ndi awa pooneka, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Chindoko cha m'diso chimachira ndi penicillin wa m'diripi wa masiku 10 mpaka 14, ndipo munthu amatha kuonanso. Chifuwa chachikulu chimafika m'diso. Mwa amene chitetezo chatsika kwambiri, CD4, chiwerengero cha asilikali a m'thupi, ikafika pansi pa 50, kachilombo kotchedwa CMV kamadya retina popanda ululu kapena kufiira, ndipo fangasi wa Cryptococcus, amene amayambitsa matenda oumitsa khosi, amatha kuchititsa khungu. Chiyambireni kupereka ma ARV aulere mu 2004 matenda amenewa anachepa kwambiri, koma akuonekabe mwa amene anasiya mankhwala kapena anachedwa kuyezetsa. Amene mumalandira ma ARV ku chipatala cha Lighthouse kapena kwina kulikonse, mukaona timadontho touluka m'maso, nenani pa ulendo womwewo.

Za achibale, ndikudziwa kuti sakufunira bambo zoipa. Munthu amene dzana ankawerenga Baibulo lake, lero diso latuwa, n'zosadabwitsa kuti ena aganize kuti pali dzanja la munthu. Musakangane nawo pa zimenezo pakhonde la wodi. Itanani wamkulu mmodzi amene mawu ake amamveka m'banjamo, malume kapena azakhali, akhale nawo pamene adokotala akufotokoza, afunse yekha mafunso ake. Abusa kapena ashehe abwere adzapemphere pabedi pomwepo, palibe amene angawaletse pa nthawi yoona odwala. Chimene ndikukanitsitsa ndi kuthira chilichonse m'diso: madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga kapena a mchere. Zimenezi zimatentha kagalasi ka kutsogolo ndi kuonjezera tizilombo tina, ndipo zikathiridwa m'diso labwinolo pofuna kuliteteza, munthu amatha kutaya maso onse awiri.

Kwa owerenga ena a kuno ku Lilongwe amene mwina zidzawaonekera: chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pa Kamuzu Central, ku Nkhoma nako kuli gawo la maso, ndipo m'zipatala za maboma mumakhala ma clinical officer ophunzira za maso. Mukayambira ku chipatala chaching'ono cha kwanu, kaya ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Mitundu, musangonena kuti diso lafiira. Nenani zonse pamodzi: sakuona, likupweteka m'kati, watentha thupi, ali ndi shuga kapena anagonekedwa posachedwa. Mawu amenewa ndi amene amachititsa kuti akulembereni kalata yopita kwa a maso tsiku lomwelo. Tengani buku la kuchipatala, ndipo ngati ndi usiku kapena kumapeto kwa sabata, pitani ku gawo la odwala mwadzidzidzi. Ndipemphenso anzanga a m'mawodi a akulu, a ana ndi a amayi: wodwala matenda a m'magazi akadandaula za diso, kapena mukaona lafiira pamene iye sangathe kulankhula, itanani a maso tsiku lomwelo.

Bambo akadzatuluka, ntchito idzakhala isanathe. Mapiritsi amalize onse ngakhale atamva bwino, sikani ya chiwindi ikabwerezedwe pa tsiku limene alembedwa, ndipo kutentha thupi kukabweranso abwerere msanga, asayambe ndi panado. Diso lotsalalo liziunikidwa kumbuyo chaka chilichonse, kapena pafupipafupi ngati a maso atero, chifukwa shuga payekha amawononga retina mwakachetechete. Akhale ndi magalasi osasweka oti azivala polima, powaza nkhuni kapena pokhoma misomali. Ngati atatsala ndi diso limodzi, milungu yoyamba adzavutika kuyeza kutalika kwa zinthu: adzathira tiyi pambali pa kapu, adzaphonya sitepe, ndipo galimoto yochokera kumanja sadzaiona msanga. Aziyamba atembenuza mutu wonse asanawoloke msewu, muziyenda mbali ya diso losaonalo mukakhala nawo mumsika, ndipo njinga aiyambe patapita miyezi ingapo, poyamba m'njira zopanda magalimoto. Ubongo umazolowera, ndipo anthu ambiri a diso limodzi amabwerera ku ntchito zawo zonse.